Likhweru la Namfedwa

A Pilato a ku Limbuli anatenga galu wa mkazi wamasiye, mkulu wawo atangogona usiku umodzi m'manda, n'kukamumanga pa tcheni pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka nthiti zake zinayamba kuwerengeka. Amene anawagwirira chingwe ndi mlongo wawo, a Esteri. Mayina ndawatchula dala, asadzati ndinkanena anthu ena. Wina akafuna kunena kuti aaa, nkhani ya galu basi, anene, pakamwa ndi pake. Koma ayambe wamva kaye.

Mkazi wamasiyeyo ndi a Lettie, amake Sharon, a m'mudzi wa m'mphepete mwa tiyi, chakumtunda kwa pamene msewu wa ku Muloza umawoloka Ruo. Amuna awo, a Morton, anakhala mkamwini pamudzipo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ntchito yawo inali ya ulonda ku esiteti, ndipo za agalu anaziphunzira komweko, poti mlonda wa kufakitale ankayenda ndi galu wa kampani. Atapuma ntchito, nzeruzo anabwera nazo kunyumba.

Agalu awo awiri oyamba anafa tsiku limodzi. Akuba mbuzi anaponya nyama ya tameki kudutsa mpanda. Kutacha agalu ali kwala, thovu kukamwa, khola lili pululu. A Morton anawakwirira okha kuseri kwa nthochi. Ndiye pamene anatola kamwana ka galu kotuwa m'ngalande, mwezi wa Juni, chiperoni chikuwaza, anakabisa m'jekete n'kufika nako kunyumba ndi mawu amodzi okha: "Uyu dyera silidzamupha." Anamutcha Chiperoni.

Sukulu ya Chiperoni inali ya Loweruka. Mame asanaume, a Morton ndodo m'manja, galu kumwendo wamanzere, ulendo wa m'tinjira ta m'tiyi, kukwera mpaka kumene Ruo umatuluka m'phiri madzi ake akadali oluma mano. Kumeneko ndiko ankamuphunzitsa kukhala, kugona, kudikira pamwala mpaka ataitanidwa, kuwoloka mtsinje modumpha miyala, kudutsa mbuzi ya mwini osaicheukira. Otchola tiyi ankaimika manja kumaonerera. Koma phunziro lalikulu linali la kudya. A Morton ankagwetsa tizidutswa ta nyama m'njira, galu akati anunkhize, "Ayi!" Ankapempha anthu kuti amunyengerere: mayi wa zitumbuwa, bambo wa tchipisi wa pa siteji, ngakhale abusa. "Ayi!" Zinatenga chaka chathunthu. Pamapeto pake Chiperoni sankadya kanthu, kaya m'mbale yake, kaya m'dzanja la munthu, pokhapokha atamva likhweru la a Morton: kawiri kafupikafupi, kachitatu kotalika, kokwera kumapeto ngati munthu wofunsa funso.

A Lettie zonsezi ankaziona ngati misala.

"Bambo a Sharon, anzanu Loweruka amapalira nandolo. Inu mukukwezana phiri ndi galu ngati mzungu wa paholide."

"Tiyeni mukaone."

"Ndikaone chiyani, mchira? Nyama ya ndiwo mukumwaza m'njira, ine ndikudya chigwada."

"Chigwada chanu chimaposa nyama, amake Sharon."

"Muziuza galu wanuyo zimenezo."

Tsiku lina, amuna awo atapita kumaliro kutsidya, a Lettie anati agwire bodza la sukulu imeneyi. Anapha nkhuku, n'kuponyera galu matumbo ali otentha. Chiperoni anayang'ana matumbo, anayang'ana mayiwo, n'kukagona pamthunzi. Matumbo anadya ndi mphaka wa eni. A Lettie nkhaniyi sanaiulule, koma madzulo ake ndiwo anathira mchere wambiri.

Zinali choncho mpaka BP inawagwetsa a Morton pakhomo pa bafa. Anadzuka, inde, koma mwendo umodzi ukukoka, pakamwa patapotokera kumanzere. Anagona kuchipatala masiku atatu, akazi awo akuwadikirira, ndipo pobwera anapeza galu asanalawe kanthu, ngakhale oyandikana nawo ankamuikira chakudya m'mawa ndi madzulo. A Morton anati aimbe likhweru: malovu okha. Anayesanso: malovu. Bambo wamkulu anakhala pakhonde n'kulira ngati wafedwa.

Kutacha anati akazi awo awagwire mkono, atenge mbale ya galu, apite ku Ruo, pafupi pomwepa, pagombe pamene amayi sachapirapo.

"Amake Sharon, muimba ndinu." Mawu ankatuluka olemera, koma omveka.

"Ine? Mkazi? Amayi anga anandimenya ndi mthiko ndili kamtsikana chifukwa cha likhweru. Ati mkazi woimba likhweru amaitana njoka m'nyumba, ndipo pabanja sakhalitsa."

"Pabanja mwakhalitsa kale. Kuno akumveni ndani? Miyala?"

"Mukufuna mundisandutse choseketsa kuukalamba kuno."

"Nyowetsani milomo. Lilime kumunsi. Ayi, masaya musafufumitse, simukukoleza moto."

A Morton ankang'ung'udza kanyimboko ndi m'mphuno, a Lettie akuuzira mphepo, galu wakhala patsogolo pawo mutu utapendekeka, kuyang'ana uyu, kuyang'ana uyu. Dzuwa litafika paliwombo likhweru linatuluka, lowonda ngati la mwanapiye. Chiperoni anayang'ana a Morton, a Morton anagwedeza mutu, galu anagwera m'mbale. Mayi ndi bambo anaseka mpaka misozi.

"Koma pagulu ayi," anatero a Morton. "Wakuba ali ndi makutu."

"Pagulu? Mukuganiza kuti ndingafune anthu andimve?"

Choncho kunyumba ankamudyetsera kuseri kwa khitchini, wailesi atakweza. Adokotala anali atanena kuti odwalawo aziyenda, koma osati okha, ndiye Loweruka a Lettie anayamba kutsagana nawo, botolo la madzi ndi chinangwa chophika pakansalu. Poyamba ankathera pa mlatho, kenako pa damu la esiteti, kenako mpaka kumiyala kwenikweni kuja. Galu ankatsogola pang'ono, n'kuima, kudikira mwendo wokokawo.

Loweruka lina la mu Febuluwale, kunja kuli ngwee, anati awoloke pobwerera. Chiperoni anakana. Anaima pamwala woyamba chopingasa, kuuwa akuyang'ana kumtunda, chinthu chimene sankachita. A Lettie anakweza dzanja kuti amukankhe, a Morton anawagwira.

"Musiyeni. Tamverani."

Kunkamveka ngati lole ikutsika phiri. Mvula inali itagwa pamwamba, kumene maso safika. Sanathe n'kubwerera masitepe khumi, madzi ofiira anatulukira ndi zitsa, n'kumiza miyala yonse imene akanakhala atapondapo, mmodzi wa iwo wokoka mwendo. Anakhala pamtunda mpaka madzi ataphwa. Tsiku limenelo chinangwa cha a Lettie anadya ndi galu, ndipo likhweru analiimba osachita kuuzidwa.

Zaka ziwiri anayenda choncho. M'njira zimenezo a Lettie anamva zinthu zimene sanazimve zaka makumi atatu za m'nyumba: zoti amuna awo ankaopa mdima zaka zonse za ulonda, zoti tsiku limene anadzawafunsira nsapato zinali zobwereka ndipo zinkawaluma. Pakhomo mwamuna salankhula zotere. Amalankhula akuyang'ana kutsogolo, galu ali pakati.

BP yachiwiri sinawapatse mpata. Anamwalira Lachiwiri, mwezi wa Novembala, anaikidwa Lachinayi. Lachisanu, posesa, abale a kuchimuna anayala mphasa n'kuyamba kutulutsa za m'bale wawo: njinga, wailesi, jekete ya ulonda, jombo, zikwanje ziwiri. A Lettie anangokhala pansi, mpango wakuda kumutu, osatsutsa. Mkamwini akafa zake zimabwerera kwawo, ankadziwa. Ndiye a Pilato, mng'ono wa malemu, analoza pakhonde pamene galu anagona, mphuno ili pa ndodo ya mbuye wake.

"Ndi uyo. Akuba andimalizira nanazi kumunda. Achimwene ankati galuyu ndi msilikali."

"Alamu," anatero a Lettie, "zonse tengani. Galuyo musiyeni. Kwanu sakadya."

Anthu anaseka, pamaliro pomwepo.

"Galu wokana chakudya munamuona kuti?" anatero a Esteri, mlongo wamkulu wa malemu, amene ankatsogolera zonse. "Sakadya chifukwa chiyani? Nenani timve."

Apa ndi pamene a Lettie amadziimba mlandu mpaka lero. Pamphasa panali akuluakulu a mbali zonse ziwiri, amayi a kutchalitchi, akamwini, apongozi. Akanatsegula bwanji pakamwa n'kunena kuti ine namfedwa ndimaimbira galu likhweru? Komanso mawu a malemu anali akadali m'khutu: pagulu ayi. Anayang'ana pansi.

"Ndangonena."

"Mwangonena. Ndiye ifenso tangotenga. Ndipo mumve, alamu," anatero a Esteri, "mwezi wathunthu pakhomo pano musachoke. Kumsika ayi, kuwoloka mtsinje ayi, mpaka tidzabwere kudzakusudzulani."

Galu anakana kuimirira. A Esteri anagwira chingwe, a Pilato ananyamula miyendo yakumbuyo, n'kumuponya m'lole imene inabweretsa anthu a maliro. Sanauwe, sanalume munthu. Anaphunzitsidwa kuti mlendo amene mbuye wake anamulandirapo pakhomo salumidwa.

Sabata imeneyo a Lettie anapemphera pemphero lachilendo. Ankapempha Mulungu kuti ntchito ya amuna awo ilephere. Galu ndi galu, ankadziuza, njala ikamupweteka adya. Mwina Lamlungu. Mwina Lachiwiri. Loweruka loyamba anadzidzimuka ataima kale pakhomo, botolo la madzi lili m'manja, kenako anakumbukira kuti woyenda naye palibe, wa miyendo iwiri kapena inayi. Mwana wawo Sharon, amene anali atabwerera kuntchito ku Blantyre, anaimba foni Lachitatu.

"Amayi, musadzidwalitse. Ndidzakupezerani wina, agalu ali mbwee kuno."

"Bambo ako nawonso udzandipezera ena?"



Lachisanu masana foni inaliranso. Anali a Maureen, mkazi wa a Pilato, akulankhula motsitsa.

"Achemwali, ndili kuseri kwa nkhokwe, asandimve. Galu uja sanadye."

"Chifikireni?"

"Chifikireni. Madzi okha. Tayesa mkute, tayesa usipa, alamu anu anapita mpaka kubutchala kukatenga mafupa. Dzulo anamuphera nkhuku, nkhuku yeniyeni, ine ndikuona ndi maso angawa. Amangonunkhiza n'kutembenukira kumsewu."

"Nanga osamubweza bwanji?"

"Manyazi, achemwali. Paja anthu anakusekani pamaliro paja, ndiye abwere bwanji? A Esteri akuti munamumanga pakamwa ndi mankhwala. Ati mawa akapanda kudya amumalize ndi musi, asafere pakhomo ndi tsoka lake. Ine ndanena, koma musanditchule."

Loweruka, mame asanaume, a Lettie anaphika phala la gaga, anasakaniza bonya wosinja, anathira m'mbale yobenthuka ya Chiperoni, anavundikira ndi ina n'kumanga pansalu. Anatenga ndodo ya malemu, chinthu chokhacho chimene abale anachiona chopanda ntchito. A Hawa, oyandikana nawo, anali akusesa.

"Amake Sharon! Ndi zakudazo mukupita kuti?"

"Kokayenda. Si Loweruka lero?"

"Mwezi sunathe! Anthu adzati chiyani?"

"Adzanena zimene ayamba kale. Mundionereko nkhuku."

Minibasi sanakwere, poti namfedwa akaima pa siteji msewu wonse umadziwa, ndipo wina akanawabweza. Anadzera m'tiyi, njira za a Morton. Anawoloka Ruo pamiyala, chitenje atakwinya, mapazi akudziwa okha mwala woterera ndi mwala wolimba. Otchola tiyi anaimika manja, madengu ali kumsana. Kapitawo wina anavula chipewa, kaya ndi ulemu kaya ndi mantha. Pamphambano iliyonse a Lettie ankapezeka kuti achepetsa liwiro, kudikira mwendo umene kulibe, kenako n'kudzikalipira okha: yenda iwe, musi sudikira. Tiyi atatha inayamba minda ya chimanga yongolimidwa kumene, yopanda mthunzi, dzuwa la Novembala likuwotcha mpango wakuda ngati chiwaya. Maola atatu ndi theka. Mayi wa zidzukulu zinayi.

Kwa a Pilato anapeza anthu pabwalo. A Esteri ndi amayi ena atatu ankasenda chinangwa cha makaka, a Maureen ankapeta, a Pilato ankanola chikwanje pamwala, chimodzi mwa ziwiri zija. Musi unali utatsamira mtengo wa mapeyala. Pansi pa mtengowo panali chinthu chotuwa chimene a Lettie poyamba anachiyesa thumba lakutha.

Thumbalo linadzutsa mutu. Mchira unamenya pansi kawiri. Galu anati aimirire, miyendo yakumbuyo inakana.

A Lettie sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa pakati pa bwalo n'kukagwada m'fumbi. Mozungulira galuyo munali mafupa ndi zakudya zoola, ntchentche zikuchita phwando. M'khosi, modutsa tcheni, ubweya unali utathothoka mpaka chilonda.

"Mayo ine!" anakuwa a Esteri. "Mwatuluka? Mwawoloka mtsinje ndi litsiro la maliro? Mukufuna mutimalize tonse pakhomo pano?"

A Lettie anamasula nsalu, anaika mbale pansi pa mphuno ya galu. Chiperoni ananunkhiza. Dovu linatsika. Thupi lonse linanjenjemera. Koma sanakhudze. Anakweza maso, anayang'ana pakamwa pa a Lettie, n'kudikira.

Inu, munayamba mwaona chamoyo cha njala ya masiku asanu ndi atatu, chakudya chili pamphuno, chikudikira kuti chiloledwe? Mwa anthu amene mumawadziwa, angathe ndi angati?

A Lettie anasongola milomo. Panatuluka mphepo yokha. Milomo inali itauma ndi ulendo, itang'ambika. Anayesanso. Mphepo.

"Mwaona?" anatero a Esteri. "Akumuuzira mankhwala aja. Ndinanena ine!"

"A Maureen, ndipatseniko madzi."

A Maureen anabwera ndi chikho chothamanga, osayang'ana kumene kunali alamu awo a Esteri. A Lettie ananyowetsa milomo. Lilime kumunsi. Masaya osafufumitsa. Anatseka maso kuti asaone bwalo. Kawiri kafupikafupi, kachitatu kotalika, kokwera kumapeto.

Linamveka mpaka kumsewu. Mipeni ya makaka inaima. Mayi wina anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Bwalo lonse linati zii, kupatula lilime la galu m'mbale, khapu, khapu, khapu. A Lettie ankachotsa mbaleyo, kudikira, kubwezeranso, kuti m'mimba mouma musakane.

"Mkazi!" A Esteri anali atapezanso mawu. "Namfedwa! Likhweru, pakhomo pa eni! Pilato, ukungoyang'ana?"

A Pilato sankawamva mlongo wawo. Chikwanje chinali chitagwa pansi.

"Alamu, taimbaninso."

"Sindine wailesi. Wailesi munatenga."

"Anakuphunzitsani ndani limeneli?"

"Mukuganiza kuti ndani? Matenda atawapotoza pakamwa, galuyu akanadya bwanji? Inu pa zaka ziwiri munabwera kangati kudzawaona, kuti mudziwe?"

A Pilato anakhala pansi, pafumbi, bambo wa imvi kundevu.

"Ndi langa limenelo," anatero. "Tili ana tinkalondera anyani kumunda wa kuphiri. Iwo msasa wa kumtunda, ine wa kumunsi. Chinangwa chikapsa pamoto ankandiimbira lomweli. Bwera udye. Zaka makumi anayi sindinalimvenso." Anayang'ana galu, anayang'ana musi. "Masiku onsewa linali m'kamwa mwanga."

"Ndiye zakhala bwino!" anatero a Esteri. "Walidziwa, uzimuimbira wekha. Galu akhala pompano. Inu alamu nyamukani, za mlandu wanu tidzakamba."

 Mpweya umene unapulumutsa galu ndi womwewo unamutaya. Chinsinsi chinali chitamwazika pabwalo ngati nandolo, aliyense atole. A Lettie anaimirira, anasasa fumbi m'mawondo.

"Muzimuimbira, alamu. Adya. Koma ndikufunseni. Loweruka mudzamumasula? Mudzapita naye ku Ruo? Achimwene anu sanamumangepo ndi tsiku limodzi lomwe. Galuyu ankadikira mwendo wawo wokoka uja pamwala uliwonse, pamene abale awo munkadikira njinga."

"Tamvani chipongwe!" anatero a Esteri.

A Pilato anasongola milomo. Zinakanika. Anayesanso, osatuluka kanthu, ngakhale mphepo. Anadzuka, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kiyi n'kugwada pansi pa mtengo.

"Pilato! Ukamumasula ameneyo, ine kokasudzula sindipita. Akhale ndi zakudazo mpaka akalambe!"

"Ndinakalamba kale, alamu," anatero a Lettie. "Mukandisudzula ndikakwatiwa ndi ndani, phiri?"

A Maureen anabisa nkhope m'lichero.

"Pitani naye," anatero a Pilato, osayang'ana munthu.

Musawayamikire msanga. Pepani sananene. Njinga ndi wailesi palibe anazifunsa, koma kamawu kamodzi ako kakanawalemera chiyani?

Chiperoni anayenda yekha, akudzandira, kumwendo wamanzere monga anaphunzirira, mpaka pamsika wa Limbuli. Pamenepo anagwa. A Lettie anayang'ana galu, anayang'ana dzuwa, anamasula chitenje chakuda chapamwamba, n'kumubereka kumsana ngati khanda, mutu uli paphewa. Sankalemera. Ndicho chinawapweteka koposa zonse, kupepuka kwake.

A kabaza anali pamthunzi. Wina anayamba.

"Mayi, mwana wanuyo wafanana ndi bambo ake!"

"Eya, mwamuzindikira msanga m'bale wanu."

Anzake anamuseka mpaka anakwera njinga n'kupalasa wopanda pasenjala. A Lettie sanaseke. Anayenda, akupuma pamthunzi uliwonse, kumupatsa phala lotsala pang'onopang'ono, kuimba likhweru poyera, wofuna kumva amve. Atafika pa Ruo anamutsitsira m'madzi osaya n'kutsuka chilonda cha m'khosi. Galu anamwa, anadzikutumula mofooka, ndipo miyala itatu yomaliza anawoloka yekha.

Lero Chiperoni ali moyo. M'khosi ubweya sunamerenso, pali mzere ngati mkanda. Likhweru lija a Lettie analisiya, poti bwalo lonse linamva, ndi njira yomwe, ndipo wakuba ali ndi makutu. Anapeka lawo latsopano n'kuyambiranso sukulu, Loweruka ndi Loweruka, tizidutswa ta nyama m'njira, "Ayi!" wa mawu a mkazi tsopano. Iwo akupitiriza kudya chigwada.

Mwezi unatha, miyezi yatha isanu, a Esteri sanabwere. Mpango wakuda ukadali kumutu. Kumjigo akuti mkazi woimba likhweru, wobereka galu ndi nsalu ya maliro, mwina akudziwa chimene chinadya mwamuna wake. Kutchalitchi anatuma amayi awiri kudzawalangiza za khalidwe la namfedwa. Anakhala pakhonde maola awiri, anamwa thobwa, anawerenga ndime. Ku Limbuli sanatumeko munthu.

Ndiye ndikufunsa inu amene mwawerenga mpaka pano, ndipo musandiyankhe ndi mwambi. Ife amene tinaika amuna timadziwa kuti mwambo uli ndi maso akuthwa pa mpango wa mkazi, koma pa tcheni suona. Ananyoza malemu ndani? Amene anawoloka mtsinje kukadyetsa chimene malemuwo analera, kapena amene anachimanga pamtengo n'kutsamiritsa musi pambali? Mukanakhala inu mutagwada pabwalo paja, galu akuyang'ana pakamwa panu, mukanatseka milomo kuti anthu akutameni? Musayang'ane kumbali. Ndiyankheni.